Njinga yamoto ya m'filimu si imene mwaimika pakhomo panu

Kalata imene yandichititsa kulemba lero yachokera kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe amene akukonza vidiyo ya nyimbo pamodzi ndi anzake. Akufuna kuti m'vidiyomo muoneke munthu akudumpha ngalande ali pa njinga yamoto, ndiye akufunsa kuti njinga imene imapirira bwino kudumpha ndi iti, komanso ngati Boxer ya alamu ake, imene amachitira kabaza, ingathe kuchita zimene amaona m'mafilimu. Achimwene, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire patali pang'ono, chifukwa funso lanuli landikumbutsa nkhani ya kwathu imene mpaka lero sitiikamba momasuka abale tikakumana.

Ife tinakula nthawi ya mavidiyo sho, tizipinda tamdima ta pamsika momwe munkakhala mabenchi, jenereta ikulira kuseri, mwini wake atalemba ndi choko pa bolodi mayina a mafilimu a tsikulo. Filimu imene inkabwerezedwa kawirikawiri inali Terminator 2 ya 1991, ndipo ikafika pamene Arnold Schwarzenegger amadumpha ndi chinjinga cha Harley-Davidson kulowa mu ngalande yaikulu ya simenti ya ku Los Angeles, chipinda chonse chinkaimirira, ena n'kumakuwa kuti tepi ibwezedwe m'mbuyo. Msuweni wanga, amene ankandiposa zaka zochepa, ankakhala benchi lakutsogolo nthawi zonse. Atasiya sukulu anayamba kuphunzira ntchito kwa makaniko wina wa njinga zamoto, ndipo anali ndi luso ndithu, moti ankatha kuuza mwini njinga chimene chavuta pongomvetsera kulira kwa injini. Tsiku lina abwana ake atapita m'tauni kukagula zipangizo, iye anatenga njinga ya kasitomala, yawamba ya pamsewu ya injini yaing'ono, n'kupita nayo kudambo kumene madzi a mvula anakumba ngalande. Anzake anamuthandiza kuunjika dothi la pachulu mbali imodzi kuti likhale pokwerera, analiponda bwinobwino, anakangana za kutalika kwake, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anawoloka kukaona tsidya linalo kumene njingayo ikatere.

Ananyamuka bwino kwambiri, ndipo ngalandeyo anaidumphadi. Koma tayala lakutsogolo ndi limene linayamba kugunda pansi, pa dothi louma ndi lathyathyathya, ndipo tinamva phokoso la chitsulo chikugundana ndi chitsulo chinzake ma shock atafika pamapeto. Mahandulo anamupulumuka m'manja, felemu inang'aluka pansi pa mahandulo, limu inapindika, iye n'kuthyoka fupa la paphewa. Amalume anagulitsa mbuzi kuti alipire mwini njinga, ntchito ya umakaniko inathera pomwepo, ndipo mpaka lero dzanja lake lamanja silikwera kupitirira phewa.

Patapita zaka zambiri ndi pamene ndinadziwa mmene chithunzi chija chinajambulidwira. Amene anali pa njingayo sanali Schwarzenegger koma Peter Kent, munthu amene ankalowa m'malo mwake pa zochitika zoopsa. Njingayo, ya mtundu wa Fat Boy, imalemera makilogalamu pafupifupi 300, ndipo inali itamangidwa ku zingwe zachitsulo zochokera ku makina onyamulira katundu wolemera, zimene zinaitsitsa mosamala kuti isagunde simenti ndi kulemera kwake konse. Zingwezo anazifufuta pambuyo pake pa kompyuta. Kunena zoona, njinga ija siinadumphe, inatsitsidwa, ndipo ife tinkaombera m'manja ntchito ya akatswiri a zingwe amene mayina awo sitinawawerenge n'komwe.

Sindidana ndi bodza la m'filimu, pakuti bodzalo ndi luso, ndipo ndi limene timalipirira pakhomo. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti limasiya anthu akukhulupirira kuti chodumphitsa njinga ndi kukula kwa injini ndi kulimba mtima kwa woyendetsa. Njinga iliyonse imene yafika pa liwiro lokwanira n'kukumana ndi pokwerera imanyamuka, ngakhale yakapalasa. Nkhani yonse ili potera, ndipo potera ndi pamene njinga zimasiyanirana. Chinthu chogwa kuchokera pa mamita 5 chimafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 36 pa ola, ndipo mphamvu yonseyo iyenera kupeza kolowera. Aliyense amene anadumphapo kuchokera pa khonde lalitali amadziwa kusiyana kwa kutera utapinda mawondo ndi kutera miyendo itaongoka kuti ndi. Mawondo a njinga ndi ma shock ake. A njinga ya mpikisano wa m'mapiri ndi m'matope, imene amaitcha motocross, amatha kulowa ndi kutuluka masentimita pafupifupi 30 kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pamene a njinga zambiri za pamsewu safika ngakhale theka la pamenepo. Ma shock akangofika pamapeto, mphamvu yotsalayo imapita ku felemu, ku malimu, kenako ku manja ndi msana wa wokwera.

Kulemera nako kumalamula. Njinga ya motocross ya injini ya 250 imalemera makilogalamu ongopitirira pang'ono 100, ili ndi tayala lakutsogolo la mainchesi 21 lokhala ndi masipoko amene amapindika pang'ono n'kubwerera, ndipo injini yake ili pamwamba ndithu moti siigunda pansi msanga. Kupepukako kumathandizanso wokwera kuiwongolera ili m'malere, chinthu chimene ambiri sachidziwa. Akawonjezera moto, tayala lakumbuyo limazungulira mothamanga ndipo mphuno ya njinga imakwera; akaponda buleki yakumbuyo, tayalalo limaima ndipo mphuno imatsika. Umu ndi mmene akatswiri amakonzera njinga kuti ifike pansi molingana ndi kutsetsereka kwa malo oterapo. Pa chinjinga cholemera, tayala limakhala lochepa mphamvu poyerekeza ndi thupi lonse la njinga, choncho mmene yanyamukira ndi mmene ikatererenso, kaya mwafuna kaya simunafune. Liwironso ndi lachinyengo, chifukwa mukaliwirikiza kawiri, mtunda umene mudumphe umawirikiza kanayi, ndiye kuphonya pang'ono chabe ponyamuka kumakupititsani kutali ndi malo amene munakonza.

Ena adzati nanga Evel Knievel, wodumpha ndi njinga wotchuka wa ku America uja, sankadumpha mabasi ndi njinga zolemera? Ankadumphadi, ndipo mbiri yake ndi umboni wa zimene ndikunenazi. Pa 31 December 1967 anayesa kudumpha akasupe a pa hotela ya Caesars Palace ku Las Vegas, mtunda wa mamita 43, ali pa Triumph Bonneville, ndipo anaperewera, n'kuphwanya mafupa a m'chiuno ndi ena ambiri. Kenako anatenga Harley-Davidson XR-750, njinga imene inapangidwira mpikisano wozungulira bwalo lathyathyathya la dothi, kumene kulibe chodumpha chilichonse. Mu May 1975 pa bwalo la Wembley ku London anadumpha mabasi 13, koma potera njingayo inamutaya ndipo anathyokanso m'chiuno. Mwana wake Robbie Knievel anadumpha bwinobwino akasupe omwe aja mu 1989, koma iye anasankha Honda CR500, njinga ya motocross. Robbie Maddison wa ku Australia anadumpha mamita 98 ku Las Vegas komweko usiku womaliza wa 2007, nayenso pa CR500. Ine sindiona kuti Evel anali wolimba mtima kuposa anzakewa. Ndimangoona munthu amene ankagwira ntchito ndi chida chosayenera, n'kumalipira kusiyanako ndi mafupa ake, anthu n'kumagula matikiti kuti akaone ngati lero athyoke. Mu 2018 Travis Pastrana anabwereza kudumpha kutatu kwa Knievel usiku umodzi pa Indian FTR750, njinga yofanana mtundu ndi XR-750 ija, ndipo anakwanitsa, koma ameneyo ndi munthu amene wakhala akudumpha kuyambira ali mwana, ali ndi gulu lomuwerengera liwiro ndi kumumangira malo oterapo.

Njinga zovekedwa zovala za ena

Njira yachiwiri imene opanga mafilimu amagwiritsa ntchito, zingwe zikapanda kuthandiza, ndi kubisa njinga yodumpha m'maonekedwe a njinga ina. Izi si zalero. Mu The Great Escape ya 1963, Steve McQueen amaoneka akuthawa pa njinga ya asilikali a Germany a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma njingayo inali Triumph TR6 Trophy ya ku Britain, imene anaipenta kuti ifanane ndi ya asilikali, chifukwa inali yopepuka ndipo inkachita kale bwino pa mipikisano ya m'chipululu. McQueen ankadziwa kuyendetsa njinga kwambiri ndipo anayendetsa yekha mbali yaikulu, koma kudumpha mpanda wa waya kuja, mtunda wa mamita pafupifupi 20 pa dambo la ku Bavaria m'dziko la Germany, anachita ndi mnzake Bud Ekins, katswiri wa mipikisano amene anali ndi sitolo ya njinga ku California. Taonani malo ake mukadzaonanso filimuyo: ndi udzu, ndi mtunda wokwera ndi kutsika, osati simenti.

Mu Skyfall ya 2012, njinga zimene zimathamangitsana pa madenga a msika waukulu wa ku Istanbul zimaoneka ngati imodzi ndi ya wapolisi, ina ya wamalonda wa m'misewu, koma mkati mwake zonse zinali Honda CRF250R, ndipo Maddison yemwe uja ndi mmodzi wa amene analowa m'malo mwa Daniel Craig. Mu No Time to Die ya 2021 anajambula mumzinda wakale wa Matera ku Italy ndi Triumph Scrambler 1200, njinga yaikulu ndithu, koma ya ma shock aatali kuposa njinga wamba za pamsewu, ndipo woidumphitsa anali Paul Edmondson, amene anakhalapo katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa enduro, wa njinga zoyenda mtunda wautali m'tchire ndi m'malo ovuta. Miyala ya m'misewu ya mzindawo inali yoterera, ndiye anathira chakumwa cha kola chochuluka pansi kuti chikauma pakhale pomata ndipo matayala agwire. Zimenezi zimandisangalatsa kuposa kudumphako, chifukwa zikuonetsa kumene maganizo a akatswiri amakhala: pa nthaka, pa matayala, pa malo oterapo. Tom Cruise anadumphadi yekha pa phompho la Helsetkopen ku Norway mu 2020 pojambula Mission: Impossible, pa Honda ya motocross, atakonzekera kwa nthawi yaitali, koma njingayo siinkayembekezeredwa kutera n'komwe. Iye anaisiya m'malere n'kutsegula parachuti, ndipo msewu wautali umene anamumangira kuti athamangirepo anausandutsa thanthwe pa kompyuta.

Ndipo ngakhale pali ndalama zonsezi, anthu amafa. Mu August 2017 ku Vancouver m'dziko la Canada, Joi Harris, mayi amene anali katswiri wa mpikisano wa njinga pa misewu ya tala, anamwalira pojambula Deadpool 2, njinga itamupulumuka n'kumuponyera pa zenera la nyumba. Sanali atavala chisoti chifukwa munthu wa m'filimumo amene Harris ankalowa m'malo mwake sankayenera kuoneka nacho. Ndikamva wina akunena kuti chisoti chiwononga maonekedwe a vidiyo, ndimamva kuti akuika chithunzi pamwamba pa mutu wa mnzake, ndipo pamenepa sindinyengerera munthu. Kwathu kuno tazolowera kale kuona akabaza ambiri akunyamula anthu awiri kapena atatu popanda ndi mmodzi yemwe wovala chisoti, ndipo sindifuna kuti mavidiyo a nyimbo awonjezere kuphunzitsa ana kuti umenewo ndi uchamuna. Boxer ndi njinga yabwino pa ntchito yake. Inapangidwa kuti inyamule thumba la chimanga ndi munthu pa msewu wa fumbi tsiku lonse, idye mafuta ochepa, ikavuta makaniko aliyense wa pamsika aikonze. Ma shock ake awiri akumbuyo anawakonzera kusenza katundu ndi kupirira maenje, osati kulandira njinga yogwa kuchokera m'mwamba, ndipo zambiri zimene zagwira kabaza kwa nthawi yaitali zili kale ndi mafelemu otopa kapena owotcherera. Mukaiphwanya, alamu anu ataya chimene amadyetsera ana awo, ndipo vidiyo yanu siidzawabwezera.

Tsono yankho la funso lanu ndi ili, achimwene. Boxer ya alamu anu isadumphe. Jambulani magawo atatu osiyana: njinga ikubwera, matayala akukwera kamulu kakang'ono ka dothi kamera mutaiika pansi penipeni kuti kumbuyo kuoneke thambo lokha, kenako njinga ikupitirira tsidya linalo fumbi likutuka, ndipo mukalumikiza magawowa n'kuchedwetsa la pakatilo, diso la woonera lidzaona kudumpha kumene sikunachitike. Ngati mukufunitsitsa kudumpha kwenikweni, funafunani munthu amene amakwera kale motocross ndipo ali ndi njinga yake ya 125 kapena 250, mumulipire, avale chisoti, nsapato zazitali ndi zoteteza mawondo, ayambe kuyeserera pa mulu wadothi wopanda dzenje pakati, ndipo iye yekha asankhe mtunda. Malo oterapo akhale otsetsereka, otambalala kuposa pokwerera, kutsogolo kwake kopanda mtengo, mpanda kapena anthu oonerera, ndipo galimoto yoti ithamangire kuchipatala ikhale itaima pafupi musanayambe kujambula.