Gitala ya mnzathu yatigawanitsa pa pulakatisi

FUNSO

Alangizi, ndine woimba besi m'bandi ya anthu asanu, ndipo ndakulemberani chifukwa cha mkangano umene ukutidyera nthawi ya pulakatisi. Mnzathu woimba gitala yamagetsi amakonda distortion (kamvekedwe kokhakhala ka gitala) yambiri, ndipo pa ampulifaya yake amakweza bass (mawu otsika, a besi) ndi treble (mawu okwera, akuthwa) koma mid (mawu apakati) amaitsitsiratu. Iye amati kamvekedwe kameneko ndi kake ndipo palibe woyenera kumuuza zochita pa chida chake. Wotsogolera nyimbo akudandaula kuti gitalayo imamulasa m'makutu moti sadzimva akamaimba, ine ndimaona kuti ikundiphimba, koma mwiniwakeyo amaumirira kuti sakumveka n'komwe ndipo amangokweza voliyumu. Zikatero woimba ng'oma naye amayamba kumenya mwamphamvu. Kodi wolakwa ndani, ndipo ndani ayenera kulamula kamvekedwe ka gitala m'bandi?

Woimba besi wodandaula

YANKHO

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndikukhulupirira kuti nonse atatu mukunena zoona, ndipo mkanganowu ukuvuta kutha chifukwa mukukangana ngati mukumva chinthu chimodzi pamene aliyense akumva zakezake, malinga ndi malo amene waima m'chipindamo.

Sipika ya ampulifaya ya gitala, imene kawirikawiri imakhala ya mainchesi 12, siimwaza mawu mofanana mbali zonse. Mawu otsika amafalikira chipinda chonse, koma mawu okwera amapita molunjika kutsogolo ngati kuwala kwa tochi. Ampulifaya ikakhala pansi, mwiniwake n'kuima pafupi nayo, mawu okwerawo amamudutsa m'miyendo osafika m'makutu mwake. Iye amamva gitala yogontha, choncho amakweza treble, ndipo zonse zimene wawonjezerazo zimakagwera munthu amene waima patali moyang'anizana ndi sipikayo, amene mwina kwa inu ndi wotsogolera nyimbo. Mnzanuyo sakuchita mwano akamakana kuti gitala yake ikulasa, pakuti pamene waimapo siikulasadi.

Nkhani ya mid ndiyo ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona vuto lalikulu. Chingwe cha mawu otsika kwambiri cha gitala yochunidwa mwa nthawi zonse chimalira pa mahetzi (muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa liwu) pafupifupi 82, pamene cha besi ya zingwe zinayi chimalira pa mahetzi pafupifupi 41. Zida ziwirizi n'zoyandikana kale, ndipo woimba gitala akakweza bass amalowa m'malo anu ndi a ng'oma yaikulu yopondedwa ndi phazi. Akakweza treble amakalimbana ndi zimbale zachitsulo za woimba ng'oma, zimene sangazipose. Malo enieni a gitala yamagetsi m'nyimbo ali pakati, ndipo mnzanuyo akamatsitsa mid ndiye kuti akudzichotsa yekha pamalo amene akanamveka popanda kulimbana ndi aliyense. N'zoona kuti sakumveka, koma kukweza voliyumu kumangochulukitsa mawu amene akukuphimbani inuyo osabwezeretsa amene akusowawo. Gain (batani lowonjezera distortion) yochuluka nayo imawonjezera vutoli, chifukwa imapanikiza mawu moti kukhudza kwa chala kapena piki (kokhwatchira zingwe) pa chingwe sikumvekanso, ndipo makodi (mawu a zingwe zingapo zolizidwa pamodzi) amangosakanikirana.

Mwina mungafunse chifukwa chimene munthu wodziwa kuimba angakondere kamvekedwe kotere. Nthawi zambiri amakhala atakakonza ali yekha, voliyumu ili pansi. M'chaka cha 1933, akatswiri awiri, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anasonyeza kuti khutu la munthu silimva mawu otsika ndi okwera kwambiri mofanana ndi apakati pamene phokoso lili lochepa, ndipo kusiyanako kumachepa phokoso likamakula. Choncho gitala imene inkamveka yodzaza ndi yokoma m'chipinda chogona imasanduka yogunda komanso yolasa ikakwezedwa kuti ifanane ndi ng'oma. Mnzanuyo akuteteza kukoma kumene anakumvadi, kungoti anakumva pamalo pamene panalibe zida zina.

Pa pulakatisi yotsatira, musayambe ndi kukambirana. Ikani ampulifayayo pampando, kapena muipendeke kuti iloze kumutu kwa mwiniwake, ndipo ndikuyembekeza kuti adzatsitsa treble yekha asanauzidwe. Kenako wina amuimbire gitala yakeyo pamodzi ndi bandi yonse, iye n'kumayendayenda m'chipindamo mpaka akaime pamene pamaima wotsogolera nyimbo. Jambulaninso nyimbo imodzi pa foni yoikidwa patali ndi zida zonse, mubwereze nyimbo yomweyo mid itakwezedwa, bass ndi gain zitatsitsidwa pang'ono, ndipo mumvetsere zonse ziwiri muli phee. Pambuyo pake sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chimene chathandiza. Ngati wakhala akugwiritsa ntchito pikapu (kachipangizo kotola kulira kwa zingwe) ya pafupi ndi mlatho wa gitala (pamene zingwe zimathera pa thupi la gitala), imene imatulutsa mawu akuthwa, ayeseko ya pafupi ndi khosi pa vesi, pamene wotsogolera nyimbo akufunika malo ambiri. Inunso muyang'ane ampulifaya yanu, chifukwa besi yodzaza mopitirira imachititsa woimba gitala kudziona ngati wamira.

Mpikisano wokweza voliyumu umene mwaufotokozawu ukundidetsa nkhawa koposa mkanganowo. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo ndi thanzi la anthu pantchito, limalangiza kuti munthu asakhale m'phokoso la madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 85 kupitirira maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa madesibelo 100 pamatsala mphindi 15 zokha. Ng'oma ndi maampulifaya m'chipinda chaching'ono zimatha kufika pamenepo. Makutu akatopa samvanso bwino, ndipo aliyense amakweza chida chake poganiza kuti chatsika. Yambani ndi mlingo umene mawu a woimba akumveka popanda kukuwa, zida zonse zikhale pansi pa mlingowo, ndipo muzivala zotchinga m'makutu.

Pa funso la ulamuliro, maganizo anga ndi awa. Manja okhudza ampulifaya ndi a mwiniwake, ndipo musayerekeze kumupotokolera mabatani popanda chilolezo, chifukwa woimba gitala amatha zaka akufunafuna kamvekedwe kake ndipo kumugwirira chida kumamupweteka. Koma zimene zikutuluka m'chipindamo n'za bandi yonse, choncho aliyense ali ndi ufulu wonena zimene akumva, ndipo pamene simukugwirizana mawu omaliza akhale a mtsogoleri wa bandi kapena wa amene anapeka nyimboyo. Polankhula naye tchulani malo ndi vuto, monga kunena kuti pa kolasi mawu a nyimbo sakumveka, m'malo monena kuti gitala yake ndi yoipa, ndipo mumusiyire kuti apeze yekha njira yokonzera. Mumupatsenso malo ake, makamaka pa solo, pamene akhoza kukweza ndi kuimba ndi distortion imene amaikonda.

Mukachita zonsezi iye n'kupitirizabe kufuna gitala yolemera kuposa mmene ena mukufunira, ndiye kuti nkhaniyo yachoka pa mabatani ndipo yafika pa mtundu wa nyimbo umene bandi yanu ikufuna kuimba. Imeneyo muikambirane tsiku lina mutakhala pansi, zida zili zozimitsa, aliyense atabweretsa nyimbo ziwiri kapena zitatu zosonyeza kamvekedwe kamene akukafuna.