Geni ya mwana wa sukulu ndi K400,000 ya banki m'khonde

Makalata awiri andifika sabata yomweyi. Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa chaka chachiwiri pa yunivesite ku Zomba. Akuti: "Ndalama ya ngongole yomwe timalandira imatha semesita isanafike n'pakati pomwe, ndipo kwathu alibe choti anditumizire. Anzanga akundikokera m'gulu la pa WhatsApp loti ukaponya K50,000, pakatha masabata awiri umalandira K100,000. Anyamata ena a m'kalasi mwathu akuti amadyera kubetcha mpira. Ndichite chiyani kuti nane ndizipeza yanga?"

Yachiwiri ndi ya mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale ku Mchinji: "Mnyamata wanga anakhoza MSCE koma sanasankhidwe ku yunivesite. Tagawana ku banki m'khonde ndipo ndalandira K400,000. Ndimuodere belo la kaunjika ayambe geni, kapena ndimulipirire sukulu ya luso?"

Ndiyambe ndi iwe, mwana wanga, chifukwa nkhani yako ndi yachangu. Gulu la pa WhatsApp limenelo usalowemo. Tadzifunsa, K50,000 yowonjezerayo ikuchokera kuti? Palibe munda ukulimidwa, palibe katundu akugulitsidwa. Ndalama yomwe oyamba amalandira ndi ya anthu olowa pambuyo pawo. Kuti mmodzi alandire K100,000 payenera kulowa awiri atsopano, kuti awiriwo alandire payenera kulowa anayi, kenako 8, kenako 16. Pitiriza kuwerenga wekha: pofika ulendo wa 20 pakufunika anthu oposa 1 miliyoni. Anthuwo sapezeka, ndiye m'mawa wina mumangodzuka gulu latsekedwa, nambala ya mwini wake sikugwira. Mnzako amene akukuonetsa uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba woti analandiradi sakunama ayi. Analandira, koma ndalama imeneyo ndi nyambo, ndipo iye mwini sakudziwa kuti amuika ku mbedza kuti akole iwe. Reserve Bank ya Malawi yakhala ikuchenjeza anthu za magulu otere. Aliyense wofuna kukusungira kapena kukuchulukitsira ndalama, uzimufunsa chiphaso chochokera ku banki yaikuluyo.

Za kubetcha sindichulutsa. Mashopu a kubetcha, zikwangwani zawo ndi malipiro a antchito awo, zonsezo zimachokera m'matumba a obetcha. Wopambana amalengeza hositelo yonse imve, woluza amangofunda bulangete. Komanso usaiwale kuti ndalama yochokera ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama ophunzira a m'mayunivesite, ndi ngongole. Udzaibweza ukadzayamba ntchito, kaya unadyera nsima kaya unataya pa mpira wa ku England.

Tsono uli ndi chiyani iweyo? Mpamba wa ndalama ulibe, koma uli ndi mutu umene unakufikitsa pa yunivesite, ndipo pa Zomba pali makolo ambiri amene akugona osatseka maso poganiza za Masamu, Physics, Chemistry ndi Chingerezi cha ana awo a Fomu 4. Pati taimu safuna kuoda katundu. Ana anayi kapena asanu, Loweruka m'mawa ndi Lamlungu masana, makolo n'kumalipira mwezi ukamayamba, osati ukatha. Mwana mmodzi akakhoza bwino, amake ndi amene adzakulengezere kutchalitchi ndi kumsika. Ngati uli ndi laputopu, pali kutayipa, kukonza ma CV ndi kupanga mapositala a maukwati ndi misonkhano. Chimodzi chokha ndikukuletsa: kulembera anzako ntchito ya m'kalasi kuti akulipire. Ndalama yake imabwera msanga, koma ukagwidwa akhoza kukuchotsa sukulu, ndipo umakhala wagulitsa digiri yako pa mtengo wa mbale ya chipisi.

Ndinali ndi mtsikana wina amene ndinkamulangiza zaka zingapo zapitazo. Ankaluka tsitsi m'chipinda chake ku hositelo, meshi ankakaoda ku Limbe kamodzi pamwezi. Tsiku lina anandibweretsera kope lake kuti ndione. Linali kope wamba la ana a pulayimale, lothimbirira ndi mafuta a tsitsi m'mbali mwake, ndipo tsamba lililonse analigawa patatu ndi rula: zalowa, zatuluka, zatsala. Ngakhale ya minibasi ndi ya mayunitsi oimbira makasitomala inalembedwa. Pachikuto analembapo ndi bolopeni yofiira kuti sakuluka pangongole. Ndipo kukatsala masabata awiri kuti mayeso ayambe ankapachika chipeso, kaya abwere ndani. Anzake ena oluka bwino kumuposa analipo, koma iye yekha ndiye anatuluka pa sukulupo ndi digiri komanso ndalama yolipirira nyumba ya lendi miyezi itatu yoyamba.

Kopelo ndi limene ndikufuna ulione bwino, chifukwa geni zambiri za kuno kwathu sizifa ndi kusowa kwa makasitomala. Zimafa chifukwa mwini wake sasiyanitsa mpamba ndi phindu. Tiyerekeze kuti waphika mandasi. Ufa, shuga, mafuta, yisiti ndi makala zakudyera K30,000, ndipo wagulitsa onse wapeza K42,000. M'dzanja muli K42,000, mtima ukuti walemera, koma yako ndi K12,000 basi. Ndipo ngakhale imeneyo si yonse yodya, pakuti ukadzabwerera ku golosale sabata yamawa upeza mafuta akwera, mpamba wa dzulo sukukwananso. Amene amatapa mu K42,000 muja kugulira bando ndi nsapato amadzadabwa mwezi wachitatu beseni lili gwa, n'kumati anamulodza. Khala ndi malo awiri osungira, ina ya geni ina yako, ndipo uzidzilipira wekha ngati wantchito.

Ndikubwerezanso za nthawi. Geni ikayamba kukujombetsa m'kalasi, yakwera mtengo kwambiri, uichepetse. Chimene wapitira ku Zomba ndicho chidzakudyetse zaka makumi atatu zikubwerazi.

Tsopano kwa inu, mayi. Mwandifunsa molunjika, nane ndiyankha molunjika: ndalamayo ipite ku luso. Sikuti kaunjika ndi woipa, wamangitsa nyumba zambiri m'dziko muno. Koma belo sulidziwa za mkati mwake mpaka utadula mawaya, mtengo wake umatsata dola, ndipo amene amapindula nalo ndi odziwa kale msika, odziwa chovala choti n'kuika pa hang'ala ndi choti n'kuponya pa mulu wa zotchipa. Mwana wongochoka pa desiki akhoza kutentha K400,000 ndi belo loipa, n'kutsala wopanda ndalama komanso wopanda chimene waphunzira. Luso silitha ndi belo limodzi. Ngati mtima wake uli pa malonda ndithu, ayambe wathandizira wogulitsa wina pa msika miyezi itatu, kenako azipikula zovala zochepa zosankha ndi maso.

Koma musanalipire kulikonse, khalani naye pansi mumufunse. Makolo timakonda kusankhira ana ntchito ngati tikuwagulira yunifolomu. Onaninso mapointi ake, chifukwa kusasankhidwa ulendo woyamba si kutha kwa sukulu. Pali kulembanso maphunziro amene sanakhoze bwino, pali makoleji a uphunzitsi amene inu mukuwadziwa kuposa ine, pali maphunziro apatali amene mayunivesite monga Mzuni ndi LUANAR amapereka. Akasankha luso, TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndi imene imayang'anira maphunziro amenewa, ndipo imalengeza nthawi yolembetsa. Pali makoleji akale odziwika monga Lilongwe Technical, Namitete amene ali pafupi nanu panjira yopita ku Lilongwe, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji ang'onoang'ono a m'maboma. Amaphunzitsa zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera, zamagetsi, zamipope, umakaniko ndi utelala. Ine ndimawauza anyamata kuti ayang'anitsitse za magetsi a dzuwa, pakuti nyumba zambiri za kumudzi sizinalumikizidwe ku ESCOM, masola akugulidwa tsiku ndi tsiku, koma odziwa kuwaika ndi kuwakonza bwino ndi ochepa. Mukasankha sukulu yomwe si ya boma, funsani kaye ngati ndi yolembetsedwa ku TEVETA, kapena ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ngati ikupereka madipuloma ndi madigiri. Zimandipweteka kuona mayi atagulitsa mbuzi zonse, mwana n'kubwera ndi pepala limene olemba ntchito sakulizindikira.

Chinthu chimene makolo ambiri amaiwala ndi zipangizo. Mwana amamaliza ukalipentala, n'kukhala pakhomo chaka chathunthu chifukwa alibe sowo, pulena ndi hamala. Musathere ndalama yonse pa fizi. Pitani pa sitolo iliyonse ya pa boma mu Seputembala, sukulu zikamatsegulira, mukaone telala wa pakhonde. Tepi ili m'khosi, choko kukhutu, mulu wa nsalu za yunifolomu wafika m'chiuno, amayi atatu akudikira pa benchi, phazi silikuchoka pa chopondera mpaka dzuwa kulowa. Chimene chamusiyanitsa ndi mnzake amene anaphunzira naye limodzi ndi makina amodzi aja basi.

Popeza ndinu mphunzitsi ndipo muli kale pa banki m'khonde, ndiloleni ndilankhulenso za inu eni. Ndalama yongogona imaonda. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mu 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi maperesenti oposa 25 pachaka. Amene anasunga ndalama pansi pa matiresi anaipeza yonse, osasowa ndi tambala yomwe, koma matumba a simenti amene ikanagula anali atachepa. Choncho kusunga kokha sikukwana, nkhani ndi kumene mwaiika.

Banki m'khonde ndimailemekeza. Bokosi la maloko atatu lija, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, laphunzitsa amayi ambiri kusunga kuposa mabanki a m'tauni. Koma tiziuzana zoona: phindu limene mumagawana kumapeto kwa chaka limachokera m'matumba mwanu momwemo. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pamwezi. Mukabwereka K50,000 pa 20 peresenti, mwezi uliwonse ikubala ngongole ya K10,000. Ngati mwaodera tomato kapena usipa woti ubweza msanga, zili bwino. Ngati mwagulira chitenje cha ukwati, mukudzidya nokha, ndipo apa m'pamene ena amayambira kubwereka gulu ili kuti abweze gulu lina, mapeto ake kwa wakatapila, ziwiya za m'nyumba n'kulandidwa. Kugawana nakonso kumagwa mu Disembala, Khirisimasi ili pakhomo, ichi chakoma ichi chakoma. Inu mwachita bwino kufika nayo K400,000 yonse mpaka pondilembera.

Kwa munthu wa pa malipiro ngati inu, SACCO, bungwe limene mamembala ake amasungako ndi kubwerekako ndalama, ndi yothandiza, chifukwa ambiri amadula ndalamayo isanafike m'manja mwanu, ndipo ngongole zake ndi zopepuka poyerekeza ndi za katapila. Ma SACCO ali ndi bungwe lawo lalikulu, MUSCCO, limene lilipo kuyambira 1980, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Ku Mchinji kwanuko mulinso ndi mwayi umene a m'tauni alibe, mtedza ndi soya. Kugula nthawi yokolola n'kusunga mpaka mitengo itakwera kumapindulitsa zaka zambiri, koma si chaka chilichonse, ndipo mtedza wosauma bwino umachita chuku n'kukanidwa pa msika. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ziwiri zazikazi zimasanduka khola pakapita zaka zochepa. Nkhuku ndiye ndili ndi chilonda nazo. Chaka china ndinaweta makumi atatu, n'kumazengereza kugula katemera wa chitopa poona ngati ndikupulumutsa ndalama. Sabata imodzi ya nyengo yotentha, m'mawa uliwonse ndinkatola zakufa m'khola, zina makosi atapindika, mpaka zinatsala zinayi. Katemerayo mtengo wake sunkafika ndi wa nkhuku imodzi yomwe.

Palinso njira ziwiri zimene anthu amaganiza kuti ndi za mabwana okhaokha. Msika wa masheya, Malawi Stock Exchange ku Blantyre, unayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO, ndipo lero kuli makampani monga Illovo, National Bank, Standard Bank, Press Corporation, TNM ndi Airtel Malawi imene inalowa mu 2020. Mphunzitsi akhoza kugula masheya kudzera kwa ogulitsa ovomerezeka, n'kumalandira gawo la phindu kampaniyo ikapindula. Mtengo wake umakwera komanso umatsika, choncho si koikako ndalama ya fizi ya teremu yamawa. Ina ndi kubwereketsa boma kudzera m'ma Treasury bill a masiku 91, 182 kapena 364, ndipo ku banki kwanu akhoza kukufotokozerani poyambira pake.

Iwe wa ku Zomba, gula kope mawa, ujambule mizere itatu ija, ndipo Loweruka likubwerali ukagogode pa nyumba ziwiri kapena zitatu zimene ukudziwa kuti muli mwana wa Fomu 4. Inu mayi, ndalamayo isatuluke kaye. Mutengeni mnyamatayo mupite naye kwa mmisiri wa pa boma, wowotcherera kapena woika masola, mumupemphe kuti akhale naye sabata imodzi, azinyamula zitsulo ndi kupsa ndi dzuwa limodzi naye. Akabwerako mundilembere zimene wanena.