Tifunseni: Kodi matimu a rugby a ku South Africa anapindula posamukira ku ligi ya ku Ulaya?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa zamasewero pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Salima ndipo ndimatsatira rugby pa kanema. Kale matimu a ku South Africa ankasewera ndi a ku New Zealand ndi Australia, koma masiku ano ndimawaona akulimbana ndi a ku Ireland ndi Scotland. Anzanga amene ndimaonera nawo ku Senga Bay akuti kusamukaku kunawapindulira, pomwe ine ndikuti kunawabweza m'mbuyo. Chonde tiweruzeni mlanduwu. Mphunzitsi, Salima.

YANKHO: Aphunzitsi, tisanaweruze tiyambe takumbutsana kuti matimuwa sanangodzuka tsiku limodzi n'kumanga katundu. Kuyambira mu 1996 ankasewera mu mpikisano umene unayamba ndi dzina loti Super 12, kenako n'kudzatchedwa Super Rugby. Mliri wa Covid-19 utatseka malire a mayiko mu 2020, dziko la New Zealand linayambitsa mpikisano wakewake ndipo linaonetsa kuti silikufunanso kubwerera ku dongosolo lakale. Apa m'pamene bungwe la SA Rugby linatembenukira kumpoto, ndipo mu 2021 matimu a Bulls, Lions, Sharks ndi Stormers analowa mu United Rugby Championship, ligi ya matimu 16 ochokera ku Ireland, Wales, Scotland, Italy ndi South Africa.

Anzanu a ku Senga Bay ali ndi mfundo yolimba pa nkhani ya nthawi. Ola la ku Malawi ndi lofanana ndi la ku South Africa, kotero inu mukudziwa kale kuti masewero a madzulo a ku New Zealand ankatipeza cha m'ma 9 koloko m'mawa, anthu ali pa ntchito kapena kumsika. Ku Ireland ndi ku Scotland timasiyana nawo ola limodzi kapena awiri okha, malinga ndi nyengo. Zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa gawo lalikulu la ndalama za rugby limachokera ku makampani a kanema, ndipo makampaniwo amalipira bwino masewero amene anthu ambiri angawaonere madzulo ataweruka. Osewera nawonso anapumako, popeza munthu wochoka ku Johannesburg kupita ku Auckland amadumpha maola 10 kapena 11 ndipo thupi limatenga masiku angapo lisanazolowere tulo, pomwe wopita ku Dublin amatopa ndi ulendo wokha.

Pa bwalo zinthu zinayendanso bwino. M'zaka zonse za Super Rugby, ndi Bulls yokha mwa matimu anayiwa imene inatenga chikho cha mpikisano wa mayiko onsewo, mu 2007, 2009 ndi 2010. Koma chaka choyamba chenicheni mu ligi yatsopanoyi, mu 2022, ndime yomaliza inali ya Stormers ndi Bulls mumzinda wa Cape Town, ndipo Stormers inapambana 18 kwa 13. Mu 2024 Sharks inagonjetsa Gloucester ya ku England mumzinda wa London n'kutenga chikho cha Challenge Cup, mpikisano wachiwiri pa ukulu wa matimu a ku Ulaya.

Komatu nanunso simunaphonye. Ligi ya ku Ulaya imayamba mu September n'kutha mu June, pomwe timu ya dziko ya Springboks ikuseweranso mu July mpaka November, motero osewera odalirika alibe nyengo yeniyeni yopumulira. Mu December ndi January amasewera pa dzuwa loswa mtengo la ku Durban, sabata yotsatira ali m'chisanu cha ku Glasgow, ndipo maulendo ambiri m'zaka zoyambirira ankazungulira ku Doha m'dziko la Qatar. Zili ngati timu ya kuno kunyanja kukasewera ku Chitipa Loweruka, n'kubwerera usiku wonse pa basi kudzakonzekera masewero ena; palibe mphunzitsi amene angayembekezere miyendo yopepuka. N'chifukwa chake nthawi zina matimuwa amasiya akatswiri awo kunyumba popita ku masewero a Champions Cup, mpikisano waukulu wa matimu a ku Ulaya umene muli a ku England ndi France, chinthu chimene chimakwiyitsa ochemerera a ku England ndi France. Chikho chakale cha Currie Cup, chimene matimu a m'dziko la South Africa amalimbirana okhaokha, nachonso chinachepa mphamvu, chifukwa matimu akuluakulu amatumizako osewera achisodzera.

Chimene chimandiwawa ine, ndipo sichikambidwa kawirikawiri, ndi tsoka la matimu ang'onoang'ono. Amene anatsegula njira ya ku Ulaya ndi Cheetahs ya ku Bloemfontein ndi Southern Kings ya ku Port Elizabeth, mzinda umene tsopano ukutchedwa Gqeberha. Matimu awiriwa anachotsedwa mu Super Rugby mu 2017 n'kulowa mu Pro14, imene inadzasanduka United Rugby Championship. Southern Kings inagwa ndi ngongole mu 2020, ndipo Cheetahs inauzidwa kuti ipereke malo kwa akuluakulu anayi aja. Inalima munda, okolola n'kukhala ena. Ku Argentina, timu ya Jaguares inafika mu ndime yomaliza ya Super Rugby mu 2019, koma chaka chotsatira inasowa ligi yosewerera ndipo osewera ake ambiri anabalalikira ku matimu akunja.

Chigamulo changa n'chakuti matimu anayiwo anachita bwino kusamuka, pakuti kumene anali kunalibenso malo awo, ndipo sitinganene kuti rugby ya dzikolo inafooka pomwe Springboks inatetezanso chikho cha dziko lonse mu 2023, patatha zaka ziwiri chisamukireni. Koma ngati munkanena za thanzi la osewera ndi za matimu osauka, pamenepo anzanuwo akulipireni chakumwa.

FUNSO: Akonzi, nanga Springboks bwanji osalowa mu Six Nations kuti zonse zikhale kumodzi? Wowerenga, Chipoka.

YANKHO: Nkhani imeneyi imamveka kawirikawiri m'manyuzipepala, koma Six Nations ndi mpikisano wa England, France, Ireland, Italy, Scotland ndi Wales, ndipo chilowereni Italy mu 2000 sunalandireponso mlendo. Eni ake amaunyadira chifukwa ochemerera amayenda mosavuta pakati pa mizinda yoyandikana, zimene sizingatheke ndi ulendo wa ku Cape Town. Kuwonjezera apo, Springboks ikadali mu Rugby Championship, mpikisano wa South Africa, New Zealand, Australia ndi Argentina umene Springboks inapambana mu 2024, ndipo masewero ake ndi All Blacks, timu ya dziko la New Zealand, ndi amene amadzaza mabwalo kuposa ena onse. Sindikuona bungwe la SA Rugby likuwasiya mosavuta.