Mano omata ndi mwana wa kubere: yankho kwa mayi wa ku Senga Bay

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndabisa monga anapemphera:

"Ndili ndi mwana wa miyezi itatu. Mano anga anayi otafunira anamatidwa ndi zotuwa zija ndili ku Joni zaka zapitazo. Mlamu wanga wanditumizira vidiyo pa WhatsApp yonena kuti zomatazo zili ndi poizoni wotchedwa mercury, amene amalowa mumkaka. Apongozi akuti ndimusiyitse mwana bere mpaka ndikayezetse. Ndikayezetse chiyani, magazi kapena mkaka? Kapena ndikangochotsetsa zomatazo? Tulo sindikupeza."

Amayi, musanawerenge zambiri, ngati mwanayo wadzuka mupatseni bere. Tikambirana akuyamwa.

Mlamu wanu sananame zonse. Zomata zotuwazo, zimene madokotala a mano amazitcha amalgam, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mercury, ndipo kwinako ndi siliva, tini ndi kopa. Anthu akhala akumatira mano zimenezi kwa zaka zoposa 150. Zimatulutsadi kanthunzi kochepa kwambiri, kamene kamawonjezereka pang'ono munthu akamatafuna chingamu tsiku lonse kapena akamakukuta mano kutulo. Kanthunziko kamalowa m'thupi kudzera m'mapapo, thupi n'kumakatulutsa pang'onopang'ono m'mkodzo ndi m'chimbudzi. Kagawo kena kamafika mumkaka, izi n'zoona. Koma vidiyoyo sinakuuzeni kuti mwana amalandira mercury wochuluka akali m'mimba, kudzera m'chingwe cha pamchombo, kusiyana ndi wa kubere. Akabadwa, mercury wa m'magazi mwake nthawi zambiri amayamba kutsika m'miyezi yoyambirira ngakhale akuyamwa usana ndi usiku.

Mavidiyo amenewa amakonda kunena kuti "ku Ulaya analetsa". Analetsadi: kuyambira mwezi wa July 2018 mayiko a European Union anasiya kumata ndi amalgam ana osakwana zaka 15, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, pokhapokha dokotala ataona kuti palibenso njira ina. Ku America, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linapereka malangizo ofanana mu 2020. Koma onetsetsani bwino, malamulowa akunena za kumata kwatsopano. Bungwe la FDA lomwelo linachenjeza kuti zomata zimene zili bwinobwino musazichotse, chifukwa makina akamapala chomatacho amatulutsa nthunzi yochuluka nthawi imodzi kuposa imene mukanapuma chitangokhala phee m'dzino, komanso amadya mbali ya dzino labwino. Choncho mukathamangira kochotsetsa mano anayi pano muli ndi mwana kubere, mukhala mukuchita chomwecho chimene mukuchithawa. Ngati chomata china chasweka kapena dzino likuwawa, pitani kuchipatala, muwauze kuti mukuyamwitsa, ndipo mufunse ngati ali ndi zomata zoyera, composite kapena glass ionomer. Musalole kuti dzino liwole chifukwa cha mantha, n'kuthera pozula monga timachitira ambiri kuno.

Tsopano za kuyezetsa. Mercury sayezedwa ngati malungo, oti akubaya chala n'kudikira mphindi zingapo pa benchi. Pamafunika labotale ya makina apadera, ndipo kuyeza kulikonse kumayankha funso lake. Mkodzo umasonyeza mercury wa mtundu umene umachokera m'zomata mano, m'mafuta odzola ndi m'nthunzi ya kokumba golide. Magazi amasonyeza zimene zalowa m'thupi posachedwa, makamaka za m'nsomba. Tsitsi limasonyeza za m'nsomba za miyezi yapitayo, popeza limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Mkaka wa m'mawere sauyeza mwachizolowezi, ndipo mutauyezetsa mungangobwera ndi nambala papepala imene singakuuzeni choti muchite. Vuto lina ndi lakuti makina amakono amapeza kenakake mwa munthu aliyense, ngakhale amene sanamatidwepo dzino. Mayi wamantha akangoona kuti sipanalembedwe ziro, mtima umadumpha pachabe.

Chenjezo limodzi: pa intaneti pali anthu amene amakumwetsa kaye mankhwala okoka zitsulo m'thupi, ngati DMSA, kenako n'kuyeza mkodzo. Nambala imakwera mwa wina aliyense, kenako amakugulitsa "zotsuka m'thupi". Uko n'kuba masanasana, ndipo mayi woyamwitsa asamwe zoterozo popanda dokotala kulamula.

Ine ndikanakhala inu, maso ndikanachotsa m'kamwa n'kuyang'ana pa tebulo la kuchipinda. Mwezi wathawu ndinaima pa benchi ina mumsika wa Salima, pomwe pamagulitsidwa mafuta oyeretsa khungu. Ndinanyamula kabotolo kamodzi kagalasi, kokongola ndithu, kachivindikiro kagolide. Ndinakatembenuza mbali zonse: palibe mndandanda wa zomwe zilimo, palibe dzina la kampani, pali chithunzi cha mtsikana ndi lonjezo loti uyera m'masiku asanu ndi awiri. Sikuti mafuta onse otere ali ndi mercury, koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likuchenjeza kuti ambiri ali naye, ndipo ena amapezeka ndi mlingo wopitirira malire maulendo masauzande. Mayi amadzola madzulo, n'kugona ndi mwana pachifuwa, tsaya pa tsaya. Mafutawo amatsalira pa chitenje choberekera, pa thaulo, pa manja amene akugwira bere. Mafuta amenewa ndiwo amawononga impso, munthu n'kuyamba kutupa nkhope ndi mapazi, mkodzo n'kumachita thovu. Ngati mumadzola otere, siyani lero, kabotoloko mupite nako kuchipatala, ndipo apa kuyezetsa mkodzo kuli ndi phindu. Chimodzimodzi ngati bambo a mwana amapita kokumba golide n'kumawotchera mercury pakhomo, kapena ngati chipangizo chagalasi choyezera kutentha kwa thupi chinaswekera m'nyumba timikanda tasiliva n'kumwazika pansi. Manja akamanjenjemera, nkhama zikamatupa, kapena mwana akamasupuka khungu m'manja ndi m'mapazi n'kumalira mosatonthozeka, musadikire imelo yanga.

Poti muli kunyanja, ndikudziwa kuti funso la nsomba likubwera. Tsoka la matenda la mumzinda wa Minamata ku Japan, limene linadziwika mu 1956, linachitika chifukwa fakitale inkataya mercury m'nyanja momwe anthu ankaphamo nsomba, ndipo pangano la mayiko la 2013 lochepetsa mercury linatenga dzina la mzindawo. Mercury amaunjikana m'nsomba zikuluzikulu zodya zinzake komanso zokhala zaka zambiri, monga shaki. Usipa umene mukuuona ukuyanikidwa pa mathandala m'mawa uliwonse umadya tizinthu ting'onoting'ono ta m'madzi ndipo sukhalitsa. Idyani, ndi minga yomwe. Mayi woyamwitsa akufunika ndiwo zimenezo.

Za apongozi, musakangane nawo, akuchita zonsezi pokonda mdzukulu wawo. Koma akumbutseni mofatsa za kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma athu a m'mphepete mwa nyanja sanatsale. Mkaka wa m'chitini umafuna madzi owiritsa nthawi iliyonse, botolo lotsukidwa bwino, ndi ndalama yogulira chitini china chisanathe choyambacho. Mwana wa miyezi itatu akatsegula m'mimba amafooka tsiku limodzi. N'chifukwa chake azaumoyo amati tiyamwitse mwakathithi miyezi 6, kenako tipitirize pamodzi ndi phala mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo mano omata sali m'gulu la zifukwa zosiyira.

Tsiku la sikelo likubwerali apempheni apongozi akuperekezeni, iwo anyamule mwana, funsolo akafunse okha kwa anamwino. Ndipo mlamu wanuyo mumutumizire nkhani ino pa WhatsApp pomwepo pomwe anatumizira vidiyo ija.