"Ndinasiya nsima, ndinaonda, koma thupi lonse labwerera": yankho langa kwa asisi a pa Kasungu boma

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa pa boma pompano, anandipempha kuti ndisawatchule dzina nde ndizingoti asisi. Ali ndi zaka 38, ana atatu, geni yawo ndi ya zovala mumsika ndipo tsiku lonse amatha ali pampando kudikira makasitomala. Kutalika ndi mamita 1.60, pa sikelo 86. Chaka chatha mutu unkawavuta, atapita kuchipatala anawapeza BP yakwera, adokotala nkuwauza kuti achepetseko thupi. Iwo anangofikira kusiya nsima miyezi iwiri yathunthu, m'mawa madzi ofunda a mandimu, masana tizipatso, usiku tiyi woondetsa amene anagula kwa munthu wina pa Facebook. Anatsika makilo 7. Pano onse aja abwerera, awiri ena nkuonjezekera pamwamba. Funso lawo ndi loti: "Kodi ndinalakwitsa pati, kapena ndi chibadwa changa basi? Nsimayi ndiisiyiretu mpaka kalekale?"

Asisi, nsima musaisiye. Ndayamba ndi pamenepo chifukwa ndi pomwe zinakhotera. Inuyo m'nyumba mwanu ndinu amene mumagwira mthiko, mukuvundula nokha, mukuomola nokha, fungo likukumenyani m'mphuno, ana ndi abambo akutema mbamu inu mwakhala pambali ndi kapu ya madzi a mandimu. Zimenezo munthu angapirire miyezi iwiri, olo itatu ngati ali wamakani, koma zaka khumi sangathe. Nde tsiku lomwe munatopa munabwerera ku kadyedwe kakale ndendende, ndipo thupi nalo linabwerera komwe linali. Mulingo wanga ine ndi umodzi: chilichonse chomwe mukufuna kusintha, dzifunseni ngati mudzakhale mukuchichitabe chaka chamawa mwezi ngati uno. Ngati yankho ndi ayi, musachiyambe nkomwe.

Pali chinanso chomwe ogulitsa ma tiyi aja sanena. Thupi likaona kuti likutsika msanga limaganiza kuti kunja kwagwa chilala, silidziwa kuti inu mukuchita dala. Mafuta akamachepa, homoni yotchedwa leptin imene imauza ubongo kuti nkhokwe ili bwino imatsika, ina ya njala yotchedwa ghrelin imakwera, nde mumamva njala kuposa kale pomwe thupi layamba kugwiritsa ntchito mphamvu moumira. Komanso mukamadzimana chonchija simutaya mafuta okha, minofu nayo imapita, ndipo minofu ndi imene imaotcha chakudya ngakhale mutangokhala. Nchifukwa chake makilo aja anabwera ndi alendo awiri. Simuli nokha, zimachitikira anthu ambiri zedi, inenso zinandichitikira kawiri ndisanaphunzire. Chibadwa chilipo inde, mabanja ena ndi a matupi, koma chibadwa sichinathire masipuni atatu a shuga mu tiyi wanu.

Za tiyi woondetsa ndinene mwachidule: ambiri mwa iwo amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, chomwe chimachoka ndi madzi. Mandimu sasungunula mafuta, lamba womanga pamimba nayenso ayi. Ndalamayo bola mugulire usipa.

Tsopano manambala anu. Mukatenga makilo 86 nkugawa ndi 2.56 (ndiye 1.60 kuchulukitsa ndi 1.60) mupeza BMI, nambala yoyerekeza kulemera ndi kutalika, ya 33.6. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati kuyambira 25 thupi lapitirira, kuyambira 30 ndi kunenepa kumene kumaitana matenda. Musachite mantha, ndipo musadziikire zoti mubwerere pa 60 ya pa utsikana. Kutsika ndi 5 mpaka 10 peresenti yokha, kwa inu ndi makilo 4 mpaka 9, kumaoneka kale pa BP ndi pa shuga. Ku America kunachitika kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera, zotsatira zinatuluka mu 2002. Gulu limene linauzidwa kuti litsike ndi 7 peresenti komanso liziyenda mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa inu 7 peresenti ndi makilo 6 basi. Nde tinene kuti cholinga ndi 79 kapena 80 pofika miyezi sikisi, pafupifupi kilo imodzi pa mwezi, masabata ena sikelo osasuntha nkomwe.

Sikelo ya kuchipatala ili kutali ndipo ya anyamata oyeza m'misewu ija lero ikuuzani zina mawa zina. Inu muli mumsika, atelala ali pafupi, bwerekani tepi. Yezani mimba pamwamba pang'ono pa mchombo, mutaima, mutatulutsa mpweya, osakoka mimba ngati mukujambulitsa. Mimba isapitirire theka la kutalika kwanu, kwa inu ndi masentimita 80. Mafuta a pamimba ndi amene amayenda ndi shuga ndi BP, a m'matako ndi m'ntchafu alibe mlandu waukulu.

Tibwere ku mbale. Kwathu kuno timadya mozondoka, nsima phiri ndiwo kadontho kongopakira mbamu. Tembenuzani. Theka la mbale likhale masamba, mbali ina nyemba kapena nsomba kapena dzira, nsima mtanda umodzi wabwinobwino. Ngati munazolowera itatu musagwere pa umodzi lero lomwe, khalani pa iwiri masabata angapo kenako umodzi ndi theka. Ndipo yambani ndi ndiwo, mbamu zoyamba zizinyamula nkhwani wambiri. Ufa nawo ulipo mawu. Woyera uja timaukonda chifukwa ndi wofewa komanso ndi wa ulemu kwa alendo, koma chimanga chake chakonoledwa, chaviikidwa, gaga yense wapita kwa nkhumba ndi nkhuku, chatsala ndi chokhutitsa chokha chimene chimagayika msanga, pofika 3 koloko njala yayambanso. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba. Ana akakana, sakanizani theka ndi theka, kwanga ndinayamba choncho ndipo patatha mwezi palibe amene ankadandaulanso. Koma mgaiwa si mankhwala, mitanda inayi ya mgaiwa ndi mitanda inayi basi.

Masamba pa Kasungu pano si nkhani yodandaula. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, mpiru, therere, chilimwe mfutso ulipo. Nyemba, nandolo, khobwe, soya timalima tokha, matemba ndi usipa mumsika momwe mumakhalamo. Magulu sikisi a zakudya amene amatiphunzitsa ku sikelo ya ana aja si a ana okha.

Pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi pa mafuta ophikira, chifukwa apa ndi pomwe ine ndinadzigwira ndekha. Ndinkati sindidya zambiri, nanga thupili likuchokera kuti. Tsiku lina mng'ono wanga anaima pambali ndikukazinga repu, anatenga supuni nkuti thirani muno kaye tione. Mafuta amene ndinkangopendeketsa botolo mosaganiza aja anakwana masupuni asanu akuluakulu, mu kapoto ka ndiwo za anthu anayi, ndipo imeneyo inali poto imodzi, ya nyemba inali ndi ake. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pomwe ya ufa kapena shuga ili ndi pafupifupi 4, supuni imodzi yaikulu ndi makalori pafupifupi 120, kuti muwaotche mukufunika kuyenda ndawala pafupifupi theka la ola. Kuyambira tsiku limenelo supuni imakhala pafupi ndi botolo, imodzi kapena iwiri pa poto, tomato ndi anyezi ndi amene amabweretsa kukoma. Botolo limene linkatha masabata awiri pano limadutsa mwezi, ndi mitengo ya masiku anoyi abambo akunyumba ndi amene anayamba kuyamikira.

Nanga zotendera? Ndi zabwino kuposa zokazinga, nsinjiro zili ndi zomanga thupi, koma kumbukirani kuti pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta. Kutendera kokha ndi bwino, kutendera nkuthiranso mafuta ayi. Ndipo mtedza wokazinga wongotafuna pa geni uja, kadzanja kamodzi kakwana, osati mbale pambali tsiku lonse poti tili kwawo kwa mtedza.

Kenako zakumwa. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi pafupifupi 8, ndipo a WHO amati pa tsiku lonse munthu asapitirire masipuni 12, bola 6. Onjezani tiyi wam'mawa wa masipuni atatu odzadza, wina wa 10 koloko, Sobo wa ana amene mumalawako, thobwa lothira shuga la mnzanu wa benchi yoyandikana. Vuto la zakumwa ndi loti sizikhutitsa, mumamwa nkudyanso ngati simunamwe kanthu. Shuga wa mu tiyi chotsani theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera, ine pano tiyi wa masipuni atatu amandikola. Ndipo poti BP ilipo, mchere nawo, amalimbikitsa kuti usapitirire supuni ya tiyi imodzi pa tsiku, kuphatikiza wa mu timakyubu tokometsera ndiwo ndi soda wa mu therere.

Mwalemba kuti m'mawa simudya. Ndikukhulupirira, koma ndiuzeni zoona, pofika 11 koloko mandasi angati amakhala atadutsa? Nanga chiwaya cha masana, chipisi chosambira m'mafuta amene akhala akuwira kuyambira dzulo? Munthu wochoka kunyumba ndi njala mumsika sapulumuka, fungo lili mbali zonse. Idyani musanatuluke, phala la mgaiwa lothira nsinjiro pang'ono, kapena mbatata yophika ndi dzira, nkunyamula nkhomaliro mu kontena. Chiwaya chisiyireni Loweruka, muzichidya mosangalala osadziimba mlandu. Ndipo pali tizakudya tina tomwe amayi sitiwerenga: mbamu zotsala m'mbale za ana poti nzosataya, nkhoko za mumphika potsuka, mkute wam'mawa. Zonsezo thupi limawerenga.

Zolimbitsa thupi simukusowa jimu. Mphindi 150 pa sabata ndi theka la ola masiku asanu. Ngati mumakwera kabaza kupita ndi pobwera, ulendo umodzi yendani, ndawala yoti mukutha kuyankhula koma kuimba simungathe. Kukatentha ngati mu Okutobala dzukirani m'mamawa, pezani mnzanu wa ku mvano kapena wa ku banki m'khonde muziyenda awiri, wina akachita ulesi mnzake amagogoda pakhomo. Wikendi ina kakwereni phiri la Kasungu, timangoliona tsiku ndi tsiku ngati chithunzi. Pa geni imani ola lililonse, konzani zovala, zungulirani. Kunena chilungamo kuyenda kokha sikutsitsa makilo ambiri, mbale ndi imene imatsitsa, koma pa nkhani yoti thupi lisabwerere kuyenda ndi kumene kumagwira ntchito. Ku America komweko kuli kaundula wotchedwa National Weight Control Registry amene anayamba mu 1994, amalemba anthu amene anatsika makilo oposa 13 nkukhala osabwerera kwa chaka kapena kuposa. Ambiri mwa iwo amadya m'mawa, amadziyeza kamodzi pa sabata, ndipo amayenda kapena kuchita masewera pafupifupi ola tsiku lililonse. Palibe chodabwitsa pamenepo, kungoti sanasiye atafika pomwe ankafuna. Inunso mukadzafika pa 80 dziikireni malire, sikelo ikangoti 82 bwererani ku supuni ndi ku mtanda umodzi sabata yomweyo, makilo awiri ndi osavuta kubweza kusiyana ndi 9. Tulo natonso, maola 7, munthu wosagona amalakalaka zotsekemera.

Mwatchulanso za apongozi anu, kuti mutaonda anakuitanirani kuseri nkufunsa kuti "mayi, mukudwala kodi, kapena mwana wangayu sakukusamalani?" Aaa, imeneyi ndi yathu yeniyeni. Kuno munthu akati mwanenepatu ndiye kuti wakuyamikirani, ndipo kuonda kumatikumbutsa zaka zija tinkaika maliro sabata ndi sabata, nde musawakwiyire, ndi chikondi. Auzeni molunjika kuti ndi adokotala anena chifukwa cha BP, mawu a adokotala akuluakulu amawalemekeza. Kutsika pang'onopang'ono kumathandizanso apa, nkhope siigwa, anthu amangoti mwayamba kuoneka bwino. Ku ukwati, ku chinkhoswe, ku zikondwerero za fodya akagulidwa, idyani nawo, mbale imodzi osabwereza, mawa lake nkupitiriza monga mwa masiku onse.

Chenjezo limodzi. Mankhwala ena amanenepetsa anthu ena, jekeseni wolera wa miyezi itatu, ma ARV ena, mankhwala ena a khunyu ndi a maganizo. Ngati mukumwa aliwonse musasiye panokha, kakambiraneni ndi achipatala, a BP nawonso pitirizani ngakhale thupi litatsika mpaka iwo atanena. Popita komweko pemphani akuyezeni shuga. Ndipo kwa ena amene mukuwerenga, ngati thupi likutsika lokha musanasinthe kalikonse, kuphatikiza ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, chifuwa kapena thukuta la usiku, imeneyo si dayeti, pitani kuchipatala. Oyembekezera nkhani iyi si yanu panopa.

Za mimba ya abambo akunyumba imene mwafunsa kumapeto kwa imelo, imeneyo ifuna tsiku lakelake. Pakadali pano ingowauzani kuti galamu ya alkoho, choledzeretsa cha mu mowa chija, ili ndi makalori 7, kutsala pang'ono kufanana ndi mafuta, osawerengera kanyenya amene amatsagana nawo. Tepi ya atelala ija mukabwereka muwayeze nawonso, kenako mundilembere manambala onse awiri.