Kuyika injini ya dizilo mu Hiace yakale ya petulo

Achimwene, mwati Hiace yanu ya 2RZ injini yatopa, ikumwa petulo ndi oyilo yemwe, ndiye mwapeza 3L ya dizilo yotsika mtengo mukufuna kudziwa ngati ingalowe komanso ngati giyabokosi mungasiye yomweyo. Kulowa imalowa ndithu, ine ndinachitapo pa yanga ndipo ikuyendabe, koma chonde musagule injini yokhayokha. Pezani Hiace yadizilo yomwe inachita ngozi kapena inaola bodi mugule yonse, zikakanika gulani half cut, kutanthauza theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa pakati, lokhala ndi injini ndi zonse zoizungulira. Injini kuikweza ndi kuikhazika ndi ntchito ya masiku awiri, chimene chimagoneka galimoto miyezi pa galaja ndi tizinthu ting'onoting'ono tozungulira injiniyo, tomwe wogulitsa injini yokha sakupatsani.

Ndiyambe ndi mabuleki chifukwa apa ndi pamene ine ndinatsala pang'ono kulira. Injini ya petulo imakoka mpweya yokha mu manifold, ndipo kukoka kumeneko ndi kumene kumathandiza booster kuti buleki izikhala yofewa mukaponda. Dizilo ilibe zimenezo, imadalira vacuum pump, ndipo pa 3L kapampu kameneka kamakhala kumbuyo kwa alternator, kali ndi timapaipi take ta oyilo. Injini yanga inabwera yopanda alternator, makaniko anangotenga ya petulo ija nkupangira bulaketi, magetsi ikutchaja bwinobwino tonse kusekerera. Kutuluka nayo kukayesa, pa kamtsetse kakang'ono chabe, ndaponda buleki ndikumva ngati ndaponda mwala, ndinachita kuimirira pa pedulo uku ndikukoka handibuleki. Ikanakhala yodzaza anthu sindikudziwa. Ndiye alternator ikhale yake yadizilo, ndipo musanalowe mumsewu yesani mabuleki pabwalo kaye kangapo.

Za giyabokosi, bell housing (chigoba cholumikiza giyabokosi ku injini) ya 2RZ siigwirizana ndi 3L, mabawuti sakumana. Ena amasintha bell housing yokha, ena amapangitsa adapter plate, koma mukayamba zimenezo mupezanso kuti flywheel, kilatchi ndi sitata nazonso zikufuna zake, ndiye mapeto ake mwagula giyabokosi yonse pang'onopang'ono modula. Tengani ya dizilo yomwe inali pa injiniyo basi. Mukatero yezani propshaft ngati kutalika kukukwana, ndipo muonenso difu, magiya aja ogawira mphamvu ku matayala akumbuyo. Dizilo siizungulira kwambiri, 3L mphamvu zake zonse imapereka cha pa 4000 rpm pomwe 2RZ imafika 4800 nkupitirira osadandaula, ndiye ratio ya difu ikapanda kugwirizana mudzapeza pa liwiro la makilomita 90 pa ola injini ikukuwa ngati ikufuna giya ina yomwe kulibe. Ngati muli ndi galimoto yonse yophwasula ija nkhani yatha, mumangosamutsa zonse.

Ndikuuzeninso zoona pa mphamvu kuti musadzakhumudwe. 3L ndi ya malita 2.8 koma ilibe turbo, imatulutsa mahatchi pafupifupi 90, pamene 2RZ ya injection ili cha m'ma 120. Ponyamuka ndi katundu komanso pa chitunda ndi giya yotsika dizilo imakoka mokoma, koma kupitirira lole pa msewu waukulu muzidzayamba mwawerengera kaye. Anthu ena akuuzani kuti ikani 1KZ-TE ya turbo, inde imathamanga, koma ili ndi kompyuta ndi mawaya ake onse ofunika kusamutsa, ndiponso hedi yake ya aluminiyamu imadziwika ndi kung'aluka ikangotenthedwa. Pa galimoto yakale yogwira ntchito ine ndimakonda 3L kapena 5L yopanda E kumapeto (ya E imayendetsedwa ndi kompyuta), pampu yake ya mafuta ndi yamakina, waya ndi mmodzi yekha wopita ku solenoid yotseka mafuta. Waya ameneyo alumikizidwe ku kiyi, apo ayi muzidzazimitsa kiyi injini nkumangolirabe, kapena osalira nkomwe.

Thanki itsitsidwe itsukidwe, petulo asatsalemo, chifukwa pampu ya dizilo imadzozedwa ndi dizilo yemweyo ndipo petulo amaikwechesa mkati. Ngati yanu ndi ya injection muli pampu yamagetsi mu thankimo, ichoke, pampu ya 3L imadzikokera yokha. Pafunika paipi yobweza mafuta ku thanki, ndi fyuluta yadizilo ija yokhala ndi kopopera pamwamba ndi kotayira madzi pansi. Mapaipi arabara onse ikani atsopano, kabowo kosaoneka ndi maso komwe kamalowetsa mpweya nkukuvutitsani kuliza mmawa uliwonse mpaka kumanamizira batire. Ndipo lembani DIESEL ndi zilembo zikuluzikulu pa chitsekero cha thanki, wothira mafuta amene anazolowera galimoto yanu sadzafunsa.

Magetsi: compression ya 3L ndi pafupifupi 22 kwa 1, ya petulo ili cha pa 9, ndiye kabatire kanu kakale sikatembenuza. Batire yaikulu, mawaya onenepa opita ku sitata, earth yabwino kuchokera pa injini kupita ku chassis. Ma heater plug, omwe amatenthetsa injini ya dizilo isanalire, akufuna relay yawo ndi timer, ena amangoika batani lodina ndi chala, zimagwira koma dalaivala akamakanikiza nthawi yaitali amawapsereza. Rev counter (geji ya kuzungulira kwa injini) ya petulo imawerenga kuchokera ku coil, dizilo ilibe coil, ndiye idzangogona pokhapokha mutasamutsa dashibodi ya dizilo.

Radiyeta musanyengerere. Mu Hiace injini ili pansi pa mipando, mpweya ndi wochepa kale, ikani ya dizilo ndi fan shroud yake ndipo geji ya kutentha igwirizane ndi sensa ya injini yatsopanoyo, osati kumangoona singano ili pakati pomwe ikunama. Ma mounting akhale a dizilo chifukwa imanjenjemera kwambiri, ndipo 3L ndi chitsulo chokhachokha mpaka hedi yomwe, kutsogolo kumatsika, ma torsion bar (zitsulo zogwira ntchito ya masipuling'i kutsogolo) afunika kuwakweza pang'ono kenako alignment. Sampu (beseni la oyilo pansi pa injini) muyang'anenso, injini ikakhala yochokera mu Hilux sampu yake itha kugunda crossmember, chitsulo chopingasa cha chassis, ndipo kusintha sampu kumapita limodzi ndi paipi yokokera oyilo mkatimo.

Injini isanalowe, idakali pansi, sinthani timing belt, tensioner, water pump ndi ma seal a kutsogolo ndi kumbuyo. Lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse ndipo akaduka mavalavu amakumana ndi mapisitoni, wogulitsa akati "ndangosintha kumene" inu ingomwetulirani nkusinthabe. Muilize musanalipire, itazizira, muone utsi, mutsegule chitsekero cha oyilo muone ngati ikupuma kwambiri, chizindikiro choti injini yatopa.

Lisiti ya injini yokhala ndi nambala yake muisunge, chifukwa nambala ya injini ndi mtundu wa mafuta ziyenera kusinthidwa pa mapepala a galimoto, a inshuwalansi nawonso auzidwe. Tatiuzani kaye, 3L mwaipezayo ili ndi alternator yake ndi giyabokosi, nanga yachokera mu Hiace kapena mu Hilux?