Amene amalambula njira ya Appalachian ndani?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti Appalachian Trail, njira yoyenda pansi ya m'mapiri a kum'mawa kwa America ija, imasamalidwa ndi anthu osalipidwa, ndipo mukukayika kuti anthu ongodzipereka angathe bwanji mtunda wonsewo. N'zoona, kungoti pali pofunika kuwongola.

Njirayi ndi ya makilomita pafupifupi 3,500, kuchokera paphiri la Springer ku Georgia kukafika paphiri la Katahdin ku Maine, ndipo imadutsa m'zigawo 14 za dzikolo. Anayambitsa ganizoli ndi Benton MacKaye mu 1921, ndipo pofika 1937 inali italumikizana yonse. Boma linadzalowapo mwamphamvu pambuyo pake, ndi lamulo la 1968 loteteza njira zotere. Choncho olipidwa alipo: a nthambi za boma zoyang'anira malo otetezedwa ndi nkhalango (National Park Service ndi Forest Service), komanso antchito a bungwe la Appalachian Trail Conservancy m'tauni ya Harpers Ferry. Koma ambiri ogwira khasu ndi penti ndi mamembala a makalabu pafupifupi 30, omwe amapita kumapiriko pamasiku awo opuma.

Palibetu munthu amene amasamala makilomita 3,500. Kalabu iliyonse ili ndi chigawo chake, ndipo imachigawanso tizidutswa, munthu n'kupatsidwa makilomita ochepa oti akhale ake. Pakagwa mtengo n'kukhala miyezi osachotsedwa, zimadziwika kuti wagona ndani. Kwa ine apa ndi pamene pagona mphamvu ya dongosolo lonseli.

Ambiri amaganiza kuti ntchito yaikulu ndi kutchetcha. Ayi, mdani wamkulu ndi madzi. Mvula ikagwa, madzi amatsata pomwe papondedwa, njira n'kusanduka ngalande, miyala ndi mizu n'kukhala pamtunda. Ndiye amakumba timigula topingasa, n'kuyalamo miyala kapena zipika kuti madzi azipatukira kumbali. Timigulati timadzaza masamba ndi dothi, motero chaka ndi chaka wina ayenera kubwera kudzafukula. Palibe woyenda amene amaima kuti ajambule zimenezi, komatu zikalekedwa njira imakokoloka.

Chizindikiro cha njirayi ndi kachigamba ka penti yoyera, masentimita 5 m'lifupi ndi 15 m'litali, kopakidwa pamtengo kapena pamwala. Mukaona tiwiri, kena pamwamba pa kanzake, tsegulani maso, njira ikukhota. Tabuluu timaloza tinjira topatuka, monga ta kumadzi kapena ku tinyumba togona, tomwe tilipo toposa 250, tambiri ta makoma atatu, kutsogolo kuli pululu. Zimbudzi za patinyumbati nazo amasamala ndi anthu omwewa, ndipo amene amavomera ntchito imeneyo popanda malipiro ndimamuvulira chipewa.

M'madera ena otetezedwa kwambiri lamulo sililola makina, ndiye mtengo ukagwa amaudula ndi sowo yaitali yokokerana anthu awiri, atainyamula paphewa kukwera nayo phiri. Ganizirani tsono mmene zinalili mphepo ya mkuntho ya Helene itawomba mu Seputembala 2024, n'kugwetsa mitengo yosawerengeka ku North Carolina, Tennessee ndi Virginia. Mbali zina zinatsekedwa kwa miyezi, ndipo pamenepo odzipereka okha sakanatha, panafunikanso akatswiri ndi ndalama.

Mwanenanso kuti mumalakalaka kudzaiyenda yonse. Imatenga miyezi 5 mpaka 7, ndipo mwa anthu anayi oyamba ulendowu amamaliza ndi mmodzi basi. Ambiri amanyamuka ku Georgia mu Malichi kapena Epulo kuti akafike pa Katahdin pasanafike pakati pa Okutobala, nyengo isanaipe. Yambani ndi masiku atatu kapena anayi kaye, muone mmene maondo akuyankhira. Ndipo pokwera phiri, njira ikamakhotakhota, musadule chidule ngakhale mutatopa bwanji, chifukwa pomwe mwapondapo ndi pomwe madzi adzayambire kukumba.